Poizoni wa chuku amatuluka m'thupi, koma amatuluka atavulaza kale chiwindi

Nyengo yokolola ikafika, mtedza n'kuyamba kutsika m'malole kuchokera ku Mzimba, ku Rumphi ndi ku Kasungu, mkangano wa chuku umadzukanso mu Mzuzu muno. Alangizi a zaulimi ndi azaumoyo amalankhula pa wailesi kuti mtedza wonyala, wakuda ndi wowawa uzitayidwa, ndiponso kuti chimanga chowola chisapite kuchigayo. Ndiye mayankho amabwera, m'minibasi yopita ku Luwinga, pa mabenchi a ku Zigwagwa, ngakhale pa banki m'khonde. Yankho limene likumveka kwambiri masiku ano likuoneka ngati la anthu ophunzira. Akuti Mulungu anatipatsa chiwindi ndi impso kuti zizichotsa poizoni, choncho kachuku kochepa kamangotuluka ndi mkodzo, ndipo amene akukayikabe amwe kapu ya mkaka kapena agule botolo la mankhwala otsuka m'thupi. Ine ndikutsutsa mwamphamvu. N'zoona kuti thupi limatulutsa poizoniyu, koma njira imene limamutulutsira ndi yomweyonso imene imavulaza chiwindi. Malo okha omugonjetsera ndi asanafike pakamwa, ndipo mtedza ndi chimanga zimene tazipatula kuti n'zoipa zisamabwererenso kwa ife kudzera mu nsinjiro, chiponde, mowa kapena mkaka.

Tiyambe ndi mfundo yoti thupi limadziyeretsa lokha, chifukwa ndiyo mwini mkangano wonse, komanso ili ndi choonadi ndithu m'kati mwake. Poizoni amene tikunenayu dzina lake ndi aflatoxin, ndipo amapangidwa ndi nkhungu za Aspergillus flavus ndi Aspergillus parasiticus, zimene zimakhala m'nthaka n'kumagwira mtedza ndi chimanga m'munda kapena m'nkhokwe. Woopsa kwambiri pa mitundu yake ndi wotchedwa B1. Munthu akadya, poizoniyu sachedwa m'mimba. Amalowa m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono, ndipo magazi onse ochokera m'matumbo amayamba adutsa kuchiwindi asanapite kwina kulikonse. Vuto la B1 ndi lakuti sasungunuka bwino m'madzi, pamene mkodzo ndi ndulu, zimene thupi limatayira zinyalala, ndi madzi. Tsono chiwindi chimayenera kuyamba chamusintha. Chili ndi maenzaimu, tizinthu tosintha makemikolo m'thupi, a gulu la cytochrome P450, makamaka awiri otchedwa CYP1A2 ndi CYP3A4, amene amamumata okosijeni kuti asanduke chinthu china. Zina zimene zimatuluka pamenepa, monga Q1 ndi P1, mphamvu yake imakhala yochepa, ndipo zimapita ndi ndulu m'chimbudzi kapena ndi mkodzo. China ndi M1, amene amatuluka mu mkodzo ndi mu mkaka. Mpaka pamenepa otsutsa akunena zoona.

Komabe maenzaimu omwewo, pa ntchito yomweyo, amapanganso chinthu chotchedwa epoxide, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. B1 amene munthu wameza, payekha, sagwira DNA, malangizo a chibadwa amene ali m'kati mwa maselo a thupi. Amene amagwira ndi epoxide, wopangidwa ndi chiwindi chenichenicho poyesa kutaya poizoni. Epoxide sakhalitsa, koma pa kanthawi kochepako amamatirira chilichonse chimene chili pafupi. Chiwindi chili ndi mlonda wake, glutathione, amene mothandizidwa ndi enzaimu ya glutathione S-transferase amamanga epoxide kuti atuluke mwamtendere kudzera mu ndulu ndi mkodzo. Koma mlondayu sagwira onse. Zili ngati munthu amene akutulutsa khala lamoto m'nyumba yaudzu ndi manja: khalalo lifikadi panja, koma zothetheka zake zagwera kale m'njira. Epoxide amene wapulumuka amakamatirira DNA ya maselo a chiwindi, pa gawo lotchedwa guanine. Selo limayesa kukonza, kudula malo owonongekawo n'kuwataya, ndipo tizidutswa timeneti timapezekadi mu mkodzo. Taganizirani bwino mfundo imeneyi. Munthu amene akunyadira kuti poizoni watuluka ndi mkodzo sakudziwa kuti zina mwa zimene zatulukazo ndi tizidutswa ta DNA ya chiwindi chake. Asayansi akamayeza mkodzo n'kupeza timeneti, amakhala apeza umboni woti kuvulala kwachitika kale.

Pamene selo lalephera kukonza bwino, cholakwikacho chimakhazikika, n'kumapatsiridwa kwa maselo onse obadwa kuchokera m'selolo. Pali jini, kachigawo ka DNA, yotchedwa TP53, imene ntchito yake ndi kuletsa maselo owonongeka kuti asachulukane. Aflatoxin amadziwika kuti amaiwononga pa malo amodzimodzi, pa nambala 249, ndipo chilema chimenechi chimapezeka kawirikawiri mu khansa ya chiwindi ya anthu a m'madera odya chuku chambiri, monga kum'mwera kwa Mozambique ndi ku Qidong m'dziko la China, pamene ku Ulaya sichionekaoneka. N'chifukwa chake bungwe la International Agency for Research on Cancer linaika aflatoxin m'gulu loyamba, la zinthu zimene n'zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Epoxide wina amasinthanso n'kukamatirira albumin, puloteni ya m'magazi, n'kumayenda nayo kwa miyezi iwiri kapena itatu. M1 wa mu mkodzo amatha pa masiku awiri kapena atatu munthu akasiya kudya zachuku, inde. Koma ndani mwa ife amasiya? Nsima timadya masana ndi madzulo, nsinjiro zili m'nkhwani ndi m'phala la mwana m'mawa. Chiwindi chisanamalize za dzulo, za lero zafika.

Mfundo yachiwiri imene imatsatira pomwepo ndi ya mkaka ndi mankhwala otsuka. Chikhulupiriro choti mkaka umapha poizoni n'chakale kwathu kuno, ndipo anthu ochinena amanena ndi mtima wabwino. Koma taonani pamene poizoni ali. Pomwe munthu akukumbuka zomwa mkaka, B1 wadutsa kale m'matumbo, ali m'chiwindi, ndipo mkaka ulibe njira yokamasulira epoxide pa DNA. Mankhwala a m'mabotolo amene amagulitsidwa m'misewu ndi m'mabasi, ambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Munthu amaona kuti wapita kuchimbudzi kangapo n'kumati thupi layera, pamene wangotaya madzi, ndipo zitsamba zosadziwika mlingo zimakapatsanso ntchito ina chiwindi chotopa kale. Chilungamo chake, sayansi yayesapo zinthu zogwira poizoniyu akadali m'matumbo. Ku Ghana anayesa dongo loyengedwa mwapadera lotchedwa NovaSil, lomwedwa pamodzi ndi chakudya, ndipo linachepetsa zizindikiro za aflatoxin m'magazi ndi mu mkodzo. Ku Qidong anayesa chlorophyllin, wopangidwa kuchokera ku chobiriwira cha masamba, ndipo tizidutswa ta DNA tija tinachepa mu mkodzo ndi 55 peresenti. Koma zonsezi zinagwira ntchito chifukwa zimamwedwa nthawi ya chakudya, tsiku ndi tsiku, pa mlingo woyezedwa, ndipo zinangochepetsa osati kuthetsa. Palibe chimene chinatsuka munthu amene anadya kale. Ndipo pasapezeke wina womva za dongo la ku Ghana n'kuyamba kulimbikitsa amayi oyembekezera kudya dothi la pamsika, lomwe lingakhale ndi mazira a njoka zam'mimba ndi zitsulo zoopsa.

Ena amati makolo athu ankadya zomwezi koma anafika pogwira ndodo. Ena mwa iwo anafikadi, koma amene anatupa mimba n'kuchita chikasu m'maso ali ndi zaka makumi anayi, tinkati alodzedwa kapena adyetsedwa, ndipo palibe ankayeza chiwindi chawo. Ngakhale dziko lapansi linamudziwa poizoniyu posachedwapa. Munali mu 1960 pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil, ndipo pofufuza imfa zimenezi ndi pamene aflatoxin anadziwika. Chinanso, makolowo sankadalira chimanga chokha ngati ife. Ankadya mawere, mapira, chinangwa, mbatata ndi nthochi, ndipo chimanga chawo chamakolo chinali cholimba, makoko ake otseka bwino chisononkho. Kusinthasintha chakudya kuli ndi mphamvu yaikulu kuposa mmene timaganizira: ku Qidong komwe kuja, anthu atasiya kudalira chimanga n'kuyamba kudya mpunga m'zaka za m'ma 1980, aflatoxin m'magazi mwawo anatsika kwambiri, ndipo patapita zaka imfa za khansa ya chiwindi zinatsikanso.

Pali chinthu china chimene mfundo ya makoloyi imaiwala, ndipo kwa ine n'chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri. Ziwindi zathu si zofanana. Munthu amene ali ndi kachilombo ka Hepatitis B, chiwindi chake kawirikawiri chimakhala chotupa kwa nthawi yaitali, maselo akufa ndi kubadwa mofulumira, moti cholakwika cha pa DNA chimakhazikika msanga. Akatswiri a WHO ndi FAO, mabungwe a dziko lonse oona zaumoyo ndi zachakudya, anawerengera kuti mlingo womwewo wa aflatoxin uli ndi mphamvu yoyambitsa khansa pafupifupi maulendo 30 mwa munthu wa Hepatitis B poyerekeza ndi amene alibe. Dziko la Malawi linayamba kupereka katemera wa matendawa kwa makanda mu 2002. Ndiye kuti bambo wa kabaza wa ku Chibavi ndi mayi wogulitsa mandasi ku Mchengautuwa, ngati anabadwa chisanafike chakacho, mwina sanalandire, ndipo kachilomboka kamatha kukhala m'thupi zaka zambiri popanda chizindikiro. Munthu amene akuuza mnzake kuti chiwindi chako chithana nazo akulonjeza za chiwindi chimene sanachionepo. Onjezani mowa, umene umatha glutathione yemwe uja, ndi njala, imene imamana thupi mapuloteni omupangira.

Za moto sindichedwapo. Akuti kukazinga mtedza kapena kuphika nsima kumapha chuku. Nkhungu yeniyeniyo imafadi, koma poizoni amene yasiya sawonongeka yense mpaka kutentha kupitirire madigiri 230, pamene madzi amawira pa 100, ndipo kuno kumtunda kwa Viphya amawira asanafike n'komwe pamenepo. Kukazinga kumachepetsako gawo lina, kotsalako timadya.

Tsopano ndifike pa mfundo imene ndimailemekeza kuposa zonse, ya umphawi. Mayi amene wakolola matumba asanu oti adyetse banja mpaka chaka chamawa, mukamuuza kuti ataye ndowa imodzi, amakufunsani kuti mu Febuluwale mudzamudyetsa ndinu kodi. Njala imapha mwezi uno, khansa imadikira zaka makumi awiri. Munthu amene sanagonepo ndi njala asamuyankhe mayiyu mwachipongwe. Komabe yankho lilipo. Poyamba, si nthawi zonse pamene poizoniyu amadikira. Mu 2004 kum'mawa kwa Kenya anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga cha m'minda yawo yomwe, chimene chinasungidwa chisanaume. Ankasanza, maso kuchita chikasu, miyendo ndi mimba kutupa, chifukwa poizoni anachuluka kuposa glutathione ndipo maselo a chiwindi anangofa. Mu 2016 zinachitikanso ku Tanzania, m'zigawo za Dodoma ndi Manyara, dziko limene malire ake tikuwadziwa tonse pa Songwe. Kachiwiri, ana. Kafukufuku wa ku Benin ndi Togo wofalitsidwa mu 2002 anapeza kuti ana opinimbira anali ndi aflatoxin wambiri m'magazi kuposa anzawo, ndiponso kuti mlingowo unkakwera mwana akasiya bere n'kuyamba phala. Apa ndinene momveka, chifukwa nkhani ya M1 ingathe kuopseza amayi: inde poizoniyu amadutsa mu nsengwa n'kufika kwa mwana wosabadwa, inde amapezeka pang'ono mu mkaka wa m'mawere, koma wa m'bere ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa m'phala la mgaiwa wachuku ndi nsinjiro zachuku. Mayi ayamwitse ndithu. Choyenera kusamala ndi mbale ya mayiyo ndi phala la mwanayo.

Kachitatu, ndipo ichi n'cholimbikitsa, poizoniyu safalikira mofanana m'thumba. Amaunjikana mu njere zochepa, zoboola, zosweka, zonyala ndi zosintha mtundu, moti njere imodzi ingathe kukhala ndi poizoni woposa njere zina zikwi. Choncho mayi uja sakupemphedwa kutaya thumba. Akupemphedwa kukhala pansi ndi lichero n'kuchotsa zochepa zimene zanyamula pafupifupi poizoni yense. Kafukufuku wa Pulofesa Limbikani Matumba wa ku LUANAR ndi anzake anasonyeza kuti kusankha ndi manja ndi kukonola kumachotsa gawo lalikulu la poizoni wa nkhungu m'chimanga. Ku Guinea, m'midzi imene alimi anaphunzitsidwa kusankha mtedza, kuuyanika pamphasa, kuonetsetsa kuti wauma ndi kusanja matumba pathandala, aflatoxin wa m'magazi mwa anthu anali wotsika ndi theka ndi kupitirira poyerekeza ndi midzi ina. Panalibe mankhwala alionse omwa. Kwa ife a Mzuzu nkhani yaikulu ndi kuumitsa, pakuti mvula kuno imachedwa kusiya, ndipo mu Juni ndi Julayi mawawa ndi chifunga cha m'mawa zimanyowetsa chimene chinayanikidwa dzulo. Chimanga chogulidwa kwa mavenda chiyesedwe: ikani njere m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, khutchumulani, ndipo mchere ukamatirira m'mbali ndiye kuti chimangacho sichinaume, musachitsekere m'thumba.

Koma kusankha kulibe phindu ngati zosankhidwazo zikubwerera pakhomo lakumbuyo, ndipo apa ndi pamene ndikudandaula ndi mmene malonda athu akuyendera. Mayiko a ku Ulaya salola mtedza wodya anthu kupitirira magawo 4 pa biliyoni, kutanthauza mamiligalamu 4 okha m'matumba 20 a makilogalamu 50. Ogula a kunja amatenga wabwino, ogula a m'tauni amasankhanso wowala, ndipo wotsalawo sutayidwa. Umagulitsidwa motchipa, n'kusinjidwa kukhala nsinjiro za m'timapepala kapena chiponde chopanda chizindikiro, momwe diso silingaonenso njere yoipa. Poizoniyu alibe fungo, alibe kakomedwe. Choncho banja losauka, limene limagula nsinjiro za tsiku limodzi, ndilo limadya poizoni amene wachotsedwa m'mbale za ena onse. Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti usavute kusenda, kapena kuti ulemere pa sikelo, chimangowonjezera vutolo, chifukwa nkhungu imafuna chinyezi chomwecho.

Wina anena kuti ndiye tipatse ziweto kapena tiphikire mowa. Mowa wa masese suchotsa poizoniyu, ndipo kafukufuku wa m'dziko momwe muno anamupezamo. Womwa amalandira adani awiri a chiwindi m'chipanda chimodzi. Za ziweto pamafunika kusiyanitsa. Chiwindi cha ng'ombe chimagwira ntchito ngati chathu: chimasandutsa B1 kukhala M1 n'kumutulutsira mu mkaka, pasanathe tsiku chidyereni, ndipo amatha pakapita masiku atatu kapena anayi chakudya choipacho chikachotsedwa. Kuwiritsa mkaka sikumuchotsa. Mzuzu wazunguliridwa ndi alimi a ng'ombe zamkaka, ndipo chakudya chawo chachikulu chowonjezera ndi madeya, amene ndi khungu lomwe lija timachotsa pokonola, momwe poizoni amaunjikana. Madeya ogulidwa pachigayo ali onyowa n'kuunjikidwa m'thumba amachita chuku chatsopano pa masiku ochepa. Ku America malamulo amalola magawo 300 pa biliyoni m'chakudya cha ng'ombe zonenepetsa zanyama, koma magawo 20 okha kwa ng'ombe zamkaka, ndipo kusiyana kumeneku kukutiuza kumene kuli ngozi. Mkaka umene ena akuti ndi mankhwala a chuku ungathe kukhala njira imene chukucho chikufikira mwana.

Pa chifukwa chimenechi sindikuvomereza kuti udindo wonse tiusenzetse mayi wa lichero. Iye achite mbali yake, koma mtedza wokanidwa ukufunika msika wake wosapita pakamwa pa munthu mwachindunji. Mafuta oyengedwa bwino ku fakitale amatuluka opanda poizoniyu, ngakhale kuti zotsalira zake zimakhalabe zoopsa, choncho njira ilipo ngati boma ndi amalonda atafuna. A Malawi Bureau of Standards ndi khonsolo ya mzinda aziyeza nsinjiro, chiponde ndi mkaka wa m'misika yathu, osati katundu wopita kunja yekha, ndipo zotsatira zake azilengeza kuti ogula adziwe. Aflasafe, amene bungwe lofufuza zaulimi la IITA linapanga kuchokera ku nkhungu zosatulutsa poizoni kuti zikapitikitse zoopsazo m'munda, afike kwa alimi ang'onoang'ono pa mtengo woti angakwanitse. Malo osonkhanitsira mkaka aziphunzitsa alimi awo kuyanika madeya asanasunge. Ndipo munthu wamkulu aliyense wobadwa chisanafike chaka cha 2002 akapita kuchipatala, kaya ku Mzuzu Central kaya ku chipatala chaching'ono cha kudera kwawo, azifunsa zoyezetsa Hepatitis B, kuti wopezeka nako ayambe kuonedwa ndi madokotala, ndipo amene alibe afunse za katemera.